Atsibweni Amene Bambo Anawakana

Ndikakumbukira a Mbewe, ndimamva fungo la malata otentha ndi utsi wa makala a m'mbaula, ndipo m'makutu mwanga mumalira kahamala kawo kaja, ngwe, ngwe, ngwe, kuyambira pamene huta ya mgodi yaitana amuna a m'mawa mpaka dzuwa litapendekera kuseri kwa milu ya dothi loyera lochokera pansi. Nyumba yawo inali moyang'anizana ndi yathu mu komboni ya ku Eiffel Flats, chipinda chimodzi chopanda mkazi, chopanda mwana, chopanda ngakhale nkhuku. Anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka fumbi linawadya chifuwa. Sanawathamangitse m'nyumbamo chifukwa ankakhoma ndowa, kumata mapoto obooka ndi kupanga nyali za koloboyi ndi zitini za jamu, ndipo komboni yonse, ngakhale akazi a akapitawo, inkawafuna.

Ntchito yanga inali kukupiza moto kuti chitsulo chomatira chifiire. A Mbewe sanali munthu wankhani. Ukakupiza mwaulesi ankakugogoda pabondo ndi chigwiriro cha hamala, osayang'ana n'komwe. M'mawa ana anzanga ankadutsa pamenepo atavala makhaki, mapazi atapaka mafuta, ine ndili chikhalire ndi chikatoni m'manja, makala akundithethekera m'miyendo. A Mbewe ankawayang'ana anawo, kenako ine, kenako ankabwerera ku ndowa yawo.

Chimene chinanditsekera sukulu sichinali umphawi wokha. Bambo anga, a Phiri, anali Mchewa wa ku Dedza. Kwawo mwana ndi wa kuchikazi, ndipo womuveka, womuphunzitsa ndi womuimira pa milandu ndi mlongo wa mayi ake, atsibweni, mwini mbumba. Iwo analeredwa choncho, ndipo kangachepe kamene kankatsala pa malipiro ankatumiza kumudzi kuti ana a mlongo wawo aphunzire. Mayi anga anali a dziko lomwelino, Mzezuru wolankhula Chishona wa ku Mhondoro. Kwawo mwamuna akalowola, ana ndi ake, ndipo zonse ndi zake. Mayi atapita kukadandaula kwa alongo awo, anawayankha mwachidule kuti ng'ombe analandira kale, za anawo akafunse mwini.

Choncho mkangano m'nyumba mwathu unali umodzimodzi chaka ndi chaka.

"Bambo a Filipo, mwanayu mano aakulu amera onse. Adzayamba liti sukulu?"

"Kafunseni alongo anu. Ine ndili ndi mbumba yanga."

"Mbumba, mbumba! Amene anabala mwanayu ndi mbumba?"

Makoma a m'komboni anali opyapyala, moti a Mbewe ankamva zonse. Kamodzi kokha, akupala dzimbiri pansi pa ndowa ya munthu wina, ananena osandiyang'ana: "Ndowa sibooka ndi madzi. Imabooka ndi kuiwalidwa panja."

Iwonso sankadziwa kulemba. Malata ankayeza ndi chingwe ndi chala chachikulu. Lamulungu ankachapa jekete lawo limodzi lija, n'kuliyanika pa waya, n'kukhala pakhomo kuyang'ana msewu wa ku tauni ngati pali amene analonjeza kubwera. Kwawo kunali ku Ntcheu, koma mlongo wawo anamwalira iwo ali kuno, ana ake anabalalika, ndipo panalibenso wowadikira. Anthu otere tinkawatchula kuti matchona. Chisangalalo chawo chimodzi chinali mbewa. Chilimwe chikafika ankanyamula khasu kupita ku minda ya kuseri kwa mgodi, n'kubwera nazo pampani, ndipo tsiku limenelo ankaimba.

Tsiku lina mayi anabwera ndi poto wodontha. Akuuyang'ana padzuwa kuti aone pobooka, a Mbewe anafunsa:

"Kodi mayi a Filipo, mfunda wanu ndi chiyani?"

"Kwathu timati mutupo. Ine ndine wa Mbeva."

Anautsitsa potoyo. "Mbeva si mbewa? Ine ndine Mbewe. Ndiye kuti ndinu achemwali anga."

Mayi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Achimwene otani odya mutupo wawo? Kwathu ukadya mutupo mano amagwa. N'chifukwa chake anakutherani m'kamwamo!"

A Mbewe anagwira nkhama zawo ndi chala. Sanaseke. Chilimwe chimenecho khasu silinachoke pakona. Anyamata ankabwera ndi mbewa zonona mpaka pakhomo pawo, kuwanunkhiza dala, iwo n'kumameza malovu, maso ali pa malata. Mayi ankangowatchula achimwene mongocheza, koma iwo akati achemwali ankachotsa kaye chipewa.

Mvula itayamba, ndinawaona akudula lata latsopano, losagwirapo ntchito, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Analipinda bwinobwino, naika chivundikiro ndi chogwirira cha waya. Kanali kabokosi konyamuliramo mabuku, konga kamene ankanyamula ana a akalaliki. Ndinafunsa kuti ndi ka ndani.

"Kupiza moto," anatero.

Lamulungu lotsatira, anthu ataweruka kutchalitchi, anavala jekete lija, natenga kabokosiko, nadutsa kanjira ka pakati pa nyumba zathu ziwiri. Sanabwere okha. Anali ndi a Kamwendo, mkulu wa Anyasa a m'komboni, kuti akhale mboni. Anaodira pakhomo ngati alendo ochokera kutali, pomwe tsiku lililonse ankangofuula kuchokera kwawo. Bambo anatulutsa mipando. Moni anatenga nthawi: mwadzuka bwanji, kaya ana, kaya kumudzi mwamvako zotani. Akazi a nyumba zoyandikana anayamba kusesa pamene anasesa kale.

"A Phiri," anayamba a Mbewe, "ndabwera ngati mwini mbumba. Akazi anuwa ndi mlongo wanga. Mwanayu ayambe sukulu mwezi ukubwerawu. Khaki, mabuku, malipiro, zonse ndi zanga. Inu musatulutsepo kanthu."

Bambo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka.

"Mlongo wanu kuyambira liti, akulu? Chaka chathachi munkakukuta abale ake ndi mchere, mutu ndi mchira womwe."

"Ndinasiya."

"Anasiyadi," anatero a Kamwendo. "Ndinawayesa ndekha ndi kapuku wonenepa. Anangotembenuka."

Akazi osesa aja anaphulika kuseka, ndipo ine ndinaganiza kuti zatheka. Koma nkhope ya bambo inali itasintha.

"A Kamwendo, inu mukudziwa za kwathu. Mwini mbumba sathera pa sukulu. Mnyamatayu akadzayamba ntchito, woyamba kumuona ndi iwo. Akadzafuna banja, ankhoswe ndi iwo. Akati tiye ku Ntcheu, ine ndilibe mawu. Ine ndinapereka ng'ombe ku Mhondoro. Mwanayu ndi wanga."

Mayi anali ataima pakhomo, mpeni wa ndiwo uli m'manja. "Ngati ndi wanu, mulipirireni."

Pamenepo ndi pamene zinaipira. Tsache lililonse linaima. Bambo anachita manyazi pamaso pa komboni yonse, ndipo manyazi awo anawatsanulira pa munthu amene anali pafupi.

"Mbumba yanu munaitaya kumudzi, a Mbewe. Musamatole za eni ake."

A Mbewe anatsokomola nthawi yaitali, chifuwa chija chikulira ngati lata long'ambika. Kenako anaimirira, navala chipewa.

"Pepani, a Phiri. Ndimayesa kuti palibe mwini."

Kabokosi kaja anakasiya pansi pampando. Bambo anakasandutsa kosungiramo misomali.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi zaka zambiri, ndipo sinditha kuwada bambo. Ana a mlongo wawo anaphunziradi, wina anakhala mphunzitsi. A Mbewe akanangobwera ngati mnansi wofuna kuthandiza, bambo akanakana poopa kuoneka opemphetsa. Iwo analowera pakhomo lokhalo limene Mchewa amalidziwa lolerera mwana wosabala yekha, osaona kuti khomo lomwelo ndi limene limachotsa mwana m'manja mwa bambo ake.

Pofuna kuti nkhaniyo ife, bambo ananditumiza ku famu ya thonje kufupi ndi Chegutu, kumene nthawi imeneyo tinkati Hartley, kwa mnzawo wina amene anali kapitawo. M'mawa wonyamuka, a Mbewe anali pamalo pawo, akukupiza okha moto ndi dzanja limodzi, chitsulo chili m'dzanja lina. Nditadutsa ndi kamtolo kanga anakweza mutu.

"Ukayende bwino, mphwanga."

Bambo anali pambali panga. Ndinayang'ana nsapato zawo, ndipo tinapitirira.

Ku famu zaka zinadyana. Thonje limacheka zala, ndipo madzulo munthu umangogwa. Pamene ndinabwerera ndili ndi ndevu, pakhomo paja panali matewera pa waya ndi wailesi ikuimba. Mayi ndiwo anandiuza. A Mbewe anawapeza atamwalira m'mawa wina chifukwa hamala sinalire. Anyasa a bungwe la maliro anasonkha ndalama za bokosi. Kumanda a Kamwendo anafunsa monga mwa mwambo kuti abale a malemu ali kuti, ndipo panali zii. Ndiye mayi anaimirira, nakakhala kumutu kwa bokosi, nalira maliro a mlongo wawo m'Chishona. Tsiku lometa anameta mpala. Bambo anauona mutuwo ndipo sanawadzudzule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Manda a a Mbewe anali mulu wa dothi wopanda dzina, kumapeto kwa komboni. Ndinati ndidzapita kukaona ndikadzapeza mpata.

Kuwerenga ndinaphunzira imvi zitayamba, ndikugwira ntchito ku fakitale ya nsalu ku Kadoma, pa benchi imodzi ndi anyamata amene akanakhala ana anga. Tsopano ndimakhala ndekha ku Ingezi, komboni ya ku Kadoma komweko. Mkazi wanga anatsogola, ana ali ku Joni, ndipo amaimba foni akakumbukira.

Lachitatu m'mawa timakumana okalamba m'holo ya tchalitchi china. Timaphunzitsana kutumiza mauthenga pafoni, kuwerenga zolembedwa pa mabotolo a mankhwala, ndi Chingerezi chapang'ono kwa amene akufuna. Amatitsogolera Mai Moyo, mphunzitsi wopuma. Kuseri kwa holoyo tili ndi dimba la tomato ndi repu, azimayi amasoka, ndipo zimene tapeza timalipirira akuluakulu amene sukulu inawadutsa ali ana. Tili ndi lamulo limodzi: wophunzira aliyense akhale ndi nkhalamba yomuperekeza kukalembetsa ndi kumamufunsa mmene zikuyendera.

Chaka chino kunabwera Tendai, bambo wa ana awiri, mdzukulu wa Anyasa, mmodzi mwa anyamata osefa golide m'maenje akale a ku Eiffel Flats, amene kuno timati makorokoza. Chichewa amamva koma amayankha m'Chishona. Anaima kutsogolo, manja ong'alukang'aluka atabisa kumbuyo, nati akufuna kubwerera kusukulu kuti adzaphunzire za magetsi, maenje asanamukwirire.

"Makorokoza amenewa?" anatero a Nangozo, amene amathirira dimba kuposa tonse. "Tomato wathu akathera kubhawa. Alibe abale kodi? Bambo ake ali kuti? Atsibweni ake ali kuti?"

Mai Moyo anafunsa amene angamuperekeze. Aliyense anayamba kufufuza chinachake m'thumba. Ine ndinangoona dzanja langa lili m'mwamba.

Tsiku lokalembetsa tinayenda wapansi. Njira yonse ndinkamufunsa: agogo ako anachokera kuti, mayi ako mfunda wawo ndi chiyani, nanga agogo aakazi? Ndinkafunafuna poti ndigwire, kuti akandifunsa ndikhale ndi choyankha. Panalibe. Iye ndi Banda, mayi ake a kwa Nkhoma, kwawo ku Nkhotakota kumene sindinapondeko.

Mu ofesi munali mtsikana wovala magalasi. Anamufunsa Tendai zofunsa zake, kenako anatembenukira kwa ine, nafunsa m'Chishona kuti ndine ndani wake.

"Palibe," ndinatero. "Ndangomuperekeza."

"Zvakanaka," anatero mtsikanayo, kutanthauza kuti zili bwino, naitana wotsatira.

Basi. Panalibe mboni, panalibe wofunsa kuti kuyambira liti. Ndinatuluka n'kukakhala pa benchi panja, ndili ndi mkwiyo wosadziwa woti ndimupatse.

Sindikudziwa ngati Tendai adzamaliza. Masabata ena amabwera kunyumba kudzandionetsa masamu amene ine sindiwamva, ndipo ndimagwedeza mutu. Masabata ena dzenje limamuitana, ana akafuna chakudya, ndipo a Nangozo amandiyang'ana. Zikatero ndimakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita ku Eiffel Flats kukamutenga. Kumene amakumba ndi kumapeto kwa komboni yakale, ndipo dothi lonse kumeneko analitembenuza, mulu uwu, dzenje ilo, moti palibe angaloze pamene panali manda. Ndimaima m'mphepete n'kufuula dzina lake mpaka atulukire mutu, matope thupi lonse, akudandaula kuti mdala uyu sasiya munthu. Pobwerera iye amadumpha milu ija mwachangu, kundisiya kumbuyo. Ine ndimayenda pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja, ndikusankha poponda.