Foni yopanda kabowo

Amuna anga ndiwo ankaphunzitsa kwaya patchalitchi chathu kuno ku Lobi. Kulemba manotsi a nyimbo sankadziwa, ndiye akapeka nyimbo ankangoyimbira m'kafoni kawo ka mabatani: soprano payokha, alito payokha, tenala, besi, zonse ndi pakamwa pawo pomwepo. Zinkasungika m'kakadi ka memore kochepa ngati chikhadabo. Loweruka a kwaya ankabwera kudzatapa nyimbozo pa bulutufu, mafoni atawagundanitsa pabenchi.

Iwo atatisiya, kafoniko sikanakhalitse. Batire inafufuma ngati mandasi, basi kanathera pomwepo. Ndinatulutsa kakadiko n'kukakulunga m'kapepala.

Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni. Atamva, ananditumizira foni yodula, yopyapyala, yoterera m'manja, kuti ndiziona adzukulu anga awiri pa vidiyo. Ndinkawaonadi, koma movutikira. Netiweki kuno imagwira pachulu cha kuseri kwa sukulu, ndipo tsiku lina imakoka ya ku Mozambiki. Ine ndi mawondo angawa, Lamulungu lililonse kukwera chulu, mphepo ikundimenya, mkono uli m'mwamba ngati ndikulumbira kukhoti. Komabe kamtsikana kakang'ono kakati "Agogo!" kutopa ndinkakuiwala.

Tsiku lina ndinafuna kuikamo kakadi kaja. Ndinaitembenuza foniyo uku ndi uku, kabowo osakapeza. Ndinamufunsa mwanayo.

"Amayi, mtundu umenewo ulibe poika kadi. Anatseka mabowo kuti madzi asalowe, komanso kuti ikhale yopepuka. Masiku ano zonse zimasungidwa pa intaneti."

"Intaneti yake ya pachuluyi?"

Anangoseka. Ine sindinaseke.

Misa yokumbukira kuti patha chaka chimwalirireni bambo ake inkayandikira, ndipo a kwaya anafuna kuyimba nyimbo imene anapeka komaliza. Ambiri anali atasintha mafoni, nyimboyo inatayika. Azibambo a besi aliyense ankaikoka kwake, mpaka kutsala pang'ono kugwirana m'makolala. Ine ndinkamva kuti onse akuphonya, koma kuwawongolera sindikanatha.

Ndinakwera minibasi mpaka pa Boma, kwa bambo wina wokonza mafoni mumsika. Anaika kakadiko m'kompyuta, nayesa waya, nayesa bulutufu. Foni yanga inakana. Akuti imalandira kwa inzake ya mtundu wake basi, yonyada ngati mkazi wa bwana. Atakakamiza kudzera pa intaneti, nyimbo zinafika koma osatseguka, akuti kajambulidwe kake n'kachikale. Ndinabwerera madzulo, fumbi mpaka m'mano, nditatopa ndi zinthu zonse, ngakhale ndi mwana wanga amene sanalakwe kanthu.

M'mawa mwake mnzanga wogulitsa tomato, amene timayandikana nyumba, anandipeza nditakhala pakhonde.

"Inu anzanga, mukuvutikiranji? Tabweretsani kuno."

Anatsegula kumbuyo kwa kafoni kake ka mabatani, komangidwa ndi mphira, n'kulowetsa kakadiko. Kanangoti tswa! Kenaka amuna anga anakhosomola. Anakhosomola ndithu, monga ankachitira asanayambe kuyimba, n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, tatsekani chitsekocho, mphepo ikulowa m'nyimbo." Kenaka besi ija inayamba.

Ndinalira ngati maliro achitika dzulo. Chaka chonse ndinkaganiza kuti ndikufuna nyimbo, koma ndinkafuna munthu.

A kwaya anatapa nyimbo yawo, Misa inayenda bwino. Koma kafoniko kanali ka mwini wake, oda za tomato zimabwera pamenepo. Kukabwereka tsiku ndi tsiku kuti ndimve mwamuna wanga akuyankhula m'nyumba ya eni, ayi, zinandichititsa manyazi. Ena anati ndisunge mafoni awiri. Awiri, kuno kumene kutchaja imodzi yomwe n'kuyenda mpaka pa sitolo ya sola? Mphamvu zimenezo ndilibe.

Ndiye tinasinthana. Iye anatenga yoterera ija, ine ka mphira.

Lamulungu lotsatira mwana wanga anandiimbira foni. Ndinayankha ndili m'nyumba momwe, poti kafonika kamagwira ngakhale kukhitchini.

"Amayi, bwanji vidiyo sikulowa? Ana akufuna akuoneni."

Ndinamuuza zonse, ndikudikira kuti akalipe. M'malo mwake ndinangomva kamtsikana kaja kakufunsa kuti agogo ali kuti. Kenaka mwana wangayo anati:

"Amayi, bwerekani foni ina mundiyimbire. Muike kafoniko pafupi, ndiwamveko ababa."