Mbedza ya Otilia

Ku Ngabu aliyense amamudziwa Otilia, mayi wokonza mafoni pa kashopu koyang'anizana ndi pogulira thonje. Koma ndi ochepa akudziwa kuti ndiye mwini wake wa Mbedza, kapulogalamu ka pafoni koyeza netiweki. Ukakatsegula kamakuuza ngati pamene waimapo uthenga ungadutse kapena ukungotha batire, kenako kamaika malowo pamapu kuti anzako adziwe. Kuchigwa kuno zimenezi si zamasewera. Madzi akasefukira, boti limapita kwa amene wakwanitsa kuimba foni.

Anaphunzira yekha pa laputopu ya kaunjika imene inkatentha ngati mbaula, mpaka ankaikhazika pa njerwa ziwiri kuti ipume. Mbedza itatheka sanaigulitse. Zonse zimene analemba anaziika poyera pa intaneti kuti wofuna atenge, akonze, agawireko ena. Anzake amumsika ankamuseka kuti akulima munda wopanda mpanda. Iye ankangoti adyewo ndi anthu, si mbuzi.

Anali ndi lamulo limodzi, ndipo pa lamulo limeneli mayiyu ndi wouma mutu zedi: Mbedza yatsopano siituluka iye asanaiyese yekha ku Marka, kumalire, kumene foni imasokonezeka ngati mlendo.

Chaka china mvula ili pakati, Fatsani, wa komiti yochenjeza anthu za madzi ku Marka, anamuuza nkhani yoipa. Pachulu china chachikulu Mbedza inkati netiweki ilipo yambiri, anthu n'kugwirizana kuti madzi akabwera azithawira pomwepo. Koma ukaimba, foni siinkapita. Imene Mbedza inkayamikirayo inali netiweki ya ku Mozambique, yosathandiza munthu wa layini ya kuno. Otilia anachita manyazi, komanso mantha. Mapu ake ankatumiza anthu pamalo poti sakanatha kuitana aliyense.

Anayamba kukonza, koma asanatumize kalikonse pa intaneti chimvula chinagwetsa khoma la shopu, laputopu n'kumwa madzi. Analira ndithu, osabisa. Shire anali akukwera, ndipo ntchito yonse inatsala m'matope.

Mawa lake anabwereka kompyuta kwa mnzake wojambula makalata. Potsegula tsamba la Mbedza anapeza uthenga wa munthu amene sanamuonepo, Raphael, namwino wa tsidya la Mozambique. Ameneyu anali atatenga Mbedza kalekale n'kuimasulira m'Chipwitikizi. Kwawoko vuto linali lomweli, kungoti yowanamiza inali netiweki ya ku Malawi. Iye anali atalikonza, ndipo ankapempha mwaulemu, m'Chisena, ngati mwini wake angalandire zokonzazo.

Otilia anawerenga mzere ndi mzere, napeza kuti ntchito ndi yaukhondo. Fatsani anamuchonderera pafoni kuti aitulutse tsiku lomwelo, poti msewu wa ku Marka unali utaipa.

"Ndinakunamizani kamodzi," anayankha Otilia. "Kachiwiri ayi. Ndikubwera."

Anakwera minibasi mpaka ku Nsanje, kenako njinga yamoto, kenako wapansi, nsapato zili m'manja, chitenje atakwinyira m'maondo. Anafika pachulu paja matope ali mpaka m'tsitsi, amayi akuminda akumuyang'ana ngati wazungulira mutu. Anatsegula Mbedza yatsopano. Kapulogalamuko kanaganiza pang'ono, kenako kanalemba kuti netiweki iyi si ya layini yanu. Otilia anaseka yekha.

Tsiku lonselo anazungulira ndi Fatsani, zitunda ndi ziulu, mpaka anapeza pamtunda kuseri kwa tchalitchi pamene foni inapita bwinobwino. Ataimirira pomwepo anatulutsa Mbedza yatsopano, ndipo pa mayina a eni ake anawonjezerapo la Raphael. Kwa iye analemba mawu amodzi okha othokoza, a m'Chisena: "Takhuta."

Madzi anabwera sabata yotsatira, m'mawa anthu akupita kudimba. Otilia anali ku Ngabu, akuumba njerwa zokonzera khoma, pamene foni yake inalira. Anali Fatsani, mawu akumveka pamwamba pa phokoso la ana ndi mbuzi.

"Mayi, tonse tili kuseri kwa tchalitchi. Ndaimba, andiyankha. Boti lanyamuka."

Otilia anapukuta manja pachitenje, nakhala pansi pambali pa chikombole.