Ndinayeza Seva Chilumba Chili Chotseka

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro a zamakompyuta ndinaipeza kwathu komwe ku Salima, m'kaofesi ka bungwe la asodzi pafupi ndi doko lomwe maboti amanyamukira popita ku chilumba cha Mbenji. Ntchito yeniyeni ya bungwelo inali imodzi: kulemba boti lililonse lowoloka, mwini wake, ndi mayina a onse okwera. Asodzi aganyu alibe boti lawolawo, amakwera lomwe lawatenga m'mawa umenewo. Ndiye mwera ukawomba, akazi ndi makolo amabwera pawindo pathu kudzafunsa kuti wawo ali m'boti liti, ndipo ife timayenera kuyankha.

Achimwene anga ndi mmodzi mwa aganyu amenewo. Bambo athu anatsalira m'nyanja ine ndili wamng'ono, ndipo panatha masiku atatu anthu akukangana kuti kodi anakwera la ndani. Amayi sanaiwale masiku atatu amenewo. Nditalembedwa ntchito anandiuza kuti, “Tsopano mtima wanga ukhala m'malo. Mlongo wako akawoloka, iwe udzidziwa komwe ali.” Pachilumbacho ine sindinapondepo, akazi saloledwa. Ndinkachidziwira pasikirini basi.

Mayinawo ankakhala mu detabesi, ndiko kuti kaundula wa mukompyuta, ndipo detabesiyo inkakhala mu seva yakale, chibokosi chakuda cha m'chipinda cha kumbuyo. Seva imeneyo inaona zowawa. Kutentha kwa Salima, magetsi ozimazima, fumbi, mpaka mavu anamanga kuseri kwake. Ikamagwira ntchito inkalira ngati chigayo. Choncho anthu otithandiza, omwe ofesi yawo inali ku Lilongwe, atanena kuti tisamutsire zonse ku kilaudi, ine ndinali woyamba kuwomba m'manja. Kilaudi si mitambo ayi, ngakhale pa Chingerezi dzinalo limatanthauza mtambo. Ndi makompyuta akuluakulu a eni ake, ali kutali, amakudulira gawo n'kumagwira ngati seva yakoyako, iwe n'kumaifikira pa intaneti. Umasankha wekha kukula kwa gawolo, ndipo lalikulu lendi yake ndi yokwera.

Anandipatsa mafunso awiri oti ndiyankhe mulipoti. Kodi detabesi yathu yakonzeka kusamuka? Nanga ikufuna makina aakulu bwanji?

Funso loyamba ndinalimenya bwino, izi ndiye sindinganame. Pulogalamu ya detabesi inali yachikale moti kumeneko sakanailandira, ndinaikweza. Ndinatenga kope la zonse n'kulitsegulira pakompyuta ina kuti ndione ngati likudzukadi, linadzuka. Ndinapeza mayina olembedwa kawirikawiri, munthu mmodzi dzina lake kalembedwe katatu, ndinakonza. Ndinayenda pagombe ndi tabuleti kuyesa netiweki kuyambira pamtengo wa mango mpaka pathandala lomaliza loyanikapo nsomba. Zonse zinali bwino.

Funso lachiwiri linkafuna kuyeza. Umaika kapulogalamu mu seva kuti kazilemba kwa masabata anayi momwe purosesa, ubongo wa makinawo, ikulimbikira, memole yokumbukira ntchito za nthawi yomweyo yomwe ikudyedwa, momwe disiki yosungira zinthu ikuwerengera ndi kulemba, komanso anthu angati akulowa nthawi imodzi. Kenako kamakuuza makina okuyenera. Vuto linali loti poika ndinkayenera kuzimitsa seva kangapo, ndipo ine, mwana woleredwa bwino, sindikanangozimitsa zinthu mu ofesi ya akuluakulu osapempha.

Mkulu wa ofesi yathu anali bambo wachikulire amene anasodza zaka zambiri asanakhale patebulo. Kompyuta sankaikhudza n'komwe. Ndinalowa, ndinawerama pang'ono.

“Abwana, ndimati ndiyeze seva. Ndiyambe liti kuti ndisasokoneze ntchito?”

“Aa, achemwali, mwafunsa mwaulemu. Yambani Febuluwale. Chilumba chikhala chotseka, simusokoneza munthu.”

Ndinathokoza n'kutuluka, tonse awiri okondwa. Chilumbacho chimatsekedwa nyengo yamvula kuti nsomba ziswane, ndipo palibe woponya khoka kumeneko mpaka chitatsegulidwa. Aliyense wobadwira kuno amadziwa. Ine ndimadziwa kuposa ambiri, chifukwa miyezi imeneyo achimwene amangokhala pakhonde kusoka makoka a anthu ndi kutibowa ndi nkhani. Koma m'mutu mwanga nyanja inali kwina, seva kwina.

Masabata anayi anatha. Zotsatira zinali zokongola, mizere yogona pansi phee. Purosesa inkangowodzera. Olowa nthawi imodzi sanapitirire awiri, ine ndi kalaliki wathu, ndipo kalalikiyo ankalowa kukonza manambala a foni. Kapulogalamu kanati titenge makina aang'ono kwambiri pamndandanda. Ine, podziyesa wochenjera, ndinakweza sitepe imodzi kuti pakhale mpata, n'kusaina lipoti. A ku Lilongwe anayamikira kuti mtsikana wa ku Salima wagwira ntchito yaukhondo. Ee, ndinayenda monyada sabata yonse, ngakhale wa kabaza ndinkamulankhula Chingerezi. Mu Malichi tinasamuka, ndinazimitsa chibokosi chija n'kuchifunditsa chitenje.

Tsiku lotsegulira chilumba linafika mu Epulo. Amene sanaonepo sangamvetse. Maboti omwe akhala pamtunda miyezi inayi amafuna kuwoloka m'mawa umodzi, aliyense akuthamangira malo abwino omangapo msasa. Tsiku limenelo bungwe limabwereka anthu ongodzipereka okwana khumi ndi awiri, aliyense ndi tabuleti, kulemba mayina ndi kujambula nkhope pamchenga pomwepo.

Theka la ola loyamba zinayenda. Kenako mmodzi anabwera akuthamanga, akuti kachizindikiro ka patabuleti kakungozungulira, mayina sakulowa. Wachiwiri. Wachitatu. Nditatsegula laputopu ndinapeza purosesa yafika kumapeto, memole yadzaza, zopempha zaima pamzere ngati odwala kuchipatala Lolemba. Pomwepo ndinadziwa chomwe ndinachita, panalibe chofufuza.

Asodzi sachedwa kuyamba chipongwe. “Alongo, mitambo yanu ija yakana kugwa?” anatero wina, anzake n'kuseka. Wina anakuwa kuti utaka sudikira kompyuta. Ndinamuyankha zoti sindingalembe pano, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero, chifukwa munthuyo ankanena zoona.

Kukulitsa makina a pakilaudi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma chilolezo chosinthira kukula chinali ndi munthu mmodzi ku Lilongwe, ndipo foni yake inkangoitana. Ndinaimba mpaka khutu linatentha. Abwana anandiyang'ana kamodzi, analowa mu ofesi n'kutulutsa mabuku akale achikuto cholimba. Anakhala pabenchi n'kuyamba kulemba pamanja, boti ndi boti, magalasi ali pamphuno. Koma dzanja limodzi silingalembe gombe lonse. Kumapeto kwa doko olemba athu ankangodina batani, kuona kachizindikiro kakuzungulira, n'kumuuza msodzi kuti, “Zalowa, pitani.” Maboti ankaliza injini n'kumapita.

Wa ku Lilongwe anayankha dzuwa lili pamutu, anali pamaliro. Anakulitsa makina, zonse zinayamba kuthamanga, koma pamchenga panali patatsala agalu ndi amayi ogulitsa zitumbuwa. Madzulo ake ndinachita zomwe ndikanachita poyamba penipeni: ndinatsegula zolembedwa za chaka chapitacho n'kuziwerenga tsiku ndi tsiku. Zinali pompo, poyera. Miyezi inayi ya zii, kenako tsiku limodzi lotalika kuposa ena onse. Detabesi inali ndi yankho nthawi yonseyi, ine sindinaifunse.

Abwana anabwera kudzaima pakhomo. “Ndine ndinakuuzani Febuluwale,” anatero.

“Munayankha zomwe ndinafunsa, abwana. Funso ndi lomwe linali lopusa.”

“Asowa angati?”

“Sindikudziwa.” Ndipo limenelo ndiye linali vuto lenileni, munthu sungawerenge zomwe sizinalembedwe.

Tsiku lachitatu mwera unayamba m'mawa. Pofika masana nyanja inali yoyera ndi thovu, ndipo kunamveka kuti boti lina lagubuduzika chakufupi ndi chilumba. Mafoni a kumeneko sankalowa. Pawindo panadzaza anthu. Ambiri ndinawayankha, ena kuchokera pasikirini, ena kuchokera m'mabuku a abwana. Kenako ndinaona mpango wa amayi pamzere. Sanadutse anthu ngakhale mwana wawo ndi amene anali pawindo, anadikira mpaka nthawi yawo.

“Tandionera mlongo wako.”

Ndinali nditamusaka kale kasanu. Ndinalembanso dzinalo iwo akuona, kalembedwe konse komwe ndikanaganiza. Ndinatsegula mabuku tsamba ndi tsamba.

“Amayi, palibe.”

“Palibe bwanji? Anandiuza yekha kuti amulemba. Anamujambula ndi chithunzi.”

“Anamulembadi, koma sizinasungike. Ndine ndinalakwitsa poyeza makina.”

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, “Chabwino,” n'kupita kukakhala pamchenga pamodzi ndi amayi ena, pamalo omwe ndimakumbukira kuyambira ndili mwana. Ine ndinatsala pawindo chifukwa mzere unali usanathe, ndipo ndinkalemba misozi ikugwera pakiyibodi.

Anthu a m'boti logubuduzika lija anapulumutsidwa onse, ndipo achimwene sanalimo. Tinamva patapita masiku awiri, mphepo itagwa, pamene boti lobweretsa nsomba linafika ndi uthenga woti achimwene ali bwino ndipo akupempha fodya. Amayi anati alhamdulillah, anadzuka, anasasa mchenga pachitenje n'kupita kunyumba.

Ntchito sanandichotse. Lipoti ndinalembanso, ndipo tsopano makina timawakulitsa sabata yotsegulira isanafike n'kuwachepetsa chilumba chikatsekedwa. Chilolezo chili ndi ine. Chiyambireni sitinatayeponso dzina ngakhale limodzi, ndipo amayi ndinawauza zimenezi kangapo konse. Amavomera ndi mutu. Koma chaka chilichonse achimwene akamawoloka, amayi amadzuka m'mamawa ndi miyendo yawo yotupayo, amawaperekeza mpaka m'madzi ofika m'mawondo, n'kugwira boti ndi dzanja kuti alione bwino mtundu wake ndi nkhope ya mwini wake. Pobwerera amadutsa pawindo panga, amandipatsa moni, osafunsa kanthu.