Malo akumbuyo omwe munandiphunzitsa

Achimwene, lero m'mawa ndakweza mwana wanga Rosa chapa, galimoto yamatola yopanda denga, ya ku Insaca, ndipo pakamwa panga patuluka mawu anu: "Ukhale kumbuyo kwenikweni." Galimoto itanyamuka m'pamene ndazindikira zomwe ndanena. Mawuwa munandiuza tsiku lomwe tinkabwerera kwathu kuchokera ku Malawi, nkhondo itatha. Pamalire pa Entre Lagos, pokwera galimoto, ndinathamangira malo oyandikana ndi woyendetsa, inu n'kundikoka malaya. "Iwe, sukulu yonse ija yakupindulira chiyani? Mina imaphulika ikapondedwa ndi tayala lakutsogolo. Akumbuyo ndi amene amakanena za maliro." Tinaseka, miyendo ili lendelende kunja, fumbi lili m'mano.

Mabomba okwirirawo sanatipeze. Inu chinakupezani ndi dzenje wamba la mumsewu wa ku Amaramba, lomwe linakugwetsani pa chapa mutakhala pamwamba pa matumba a nsomba, kumbuyo komwe munkakudalira kuja. Thupi lonse linalibe bala, ngakhale malaya sanang'ambike. Namwino anangokutembenuzani mutu n'kundionetsa pankhongo. Anati ogwa kumbuyo kwa chapa ambiri amabwera choncho, aukhondo ngati akupita ku ukwati, koma mutu utaphwanyika. Ndaonanso ena kuyambira pamenepo, ndipo namwino uja sananame. Nzeru yanu inali ya nkhondo, achimwene, koma mtendere unabwera osatiuza kuti tisinthe pokhala. Ndamuimbira Rosa kanayi kuti asunthire pakati, foni ikungoitana. Ngati kumene muliko mumamva, chonde mugwireni malaya mwanayu mpaka atsike.