Wozula Mano wa pa Namitambo

Mkulu wozula mano pamsika wa Namitambo alibe mankhwala oletsa ululu. Zida zawo ndi kapulayala kamene anabwera nako kuchokera kunkhondo ya ku dziko la Bama, ndi pakamwa pawopo.

Pozula dzino amakamba nkhani, koma nkhaniyo sayiyambira poyambira. "Nkhani ili ngati nkhuku," amatero. "Ukaigwira kumchira, umatsala ndi nthenga. Igwire pakati." Ndiye wodwala akangokhala pampando, amamva kuti msilikali wasochera kale m'nkhalango, mfuti ilibe chipolopolo. Munthu amayasama yekha. Nkhani ikafika pothina, amangoona dzino lili m'manja mwa mkuluyo. Mathero ake sanena. Amati amenewo ndi a dzino lotsatira.

A Alufeyo a ku Ndunde anawazula dzino nkhani itangofika poti nyalugwe wayang'anizana ndi msilikali uja. Sabata yonse khasu silinkagwirika. Kodi anamudya? Tsiku la msika anabweranso atagwira tsaya.

Mkuluyo anagogoda dzino limene a Alufeyo analoza nati, "Ili lilibe mlandu, achimwene."

"Zulani basi, bola mundiuze za nyalugwe."

Anayasama. Msilikali anathawa, n'kukwera mumtengo, nyalugwe n'kutsala pansi. A Alufeyo mtima unakhala m'malo. Koma msilikali pogwira nthambi ya pamwamba, nthambiyo inayamba kuyenda. Inali nsato!

Dzino linali litatuluka.

Masiku ano a Alufeyo chimanga chokazinga amangochiyang'ana, mbatata amachita kupota. Mano awatsalira atatu, ndipo msilikali uja akadali mumtengo.