Timahedifoni Pansi pa Duku

Inu owerenga, mwana wanga wamkazi Taonga ali moyo ndipo ali bwino, koma sakukhalanso pakhomo panga ku Kabwata. Chondipweteka n'chakuti ndinavomera ndekha ndi pakamwa pangapa, osadziwa chimene ndikuvomera.

Ine ndimakonda mabuku a nkhani zopeka za m'tsogolo, makamaka olembedwa ndi azimayi, aja a zombo zopita ku nyenyezi. Koma nthawi yowerenga ndiitenga kuti? Masana ndili ku ofesi m'tauni, madzulo ndikuphika masikono a maoda, Loweruka ndi lochapa. Amuna anga akakhalira mpira palibe ngakhale wotsokomola, koma ine ndikangotsegula buku, nyumba yonse imakumbukira kuti ili ndi njala. Zinkandikwiyitsa, ndipo mpaka pano zimandikwiyitsa.

Ndiye ndinapeza nzeru: mabuku omvera pa foni. Timahedifoni m'makutu, duku pamwamba kuti asaone, manja ali pa ntchito. Ndinkadzitama kuti tsopano palibe nthawi yotayika. Munthu akandiyankhula ndinkangoona milomo ikugwedera, ine n'kumati eya, eya. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Lamlungu lina titachoka ku tchalitchi, mlongo wa amuna anga wa ku Chelstone anaima ndi galimoto pageti. Taonga anatuluka atanyamula chikwama chake.

“Mulamu, nabwela kutenga mwana,” anatero. “Si munavomela kuti azinkala na ine?”

Ndinakana mpaka kulumbira. Taonga anangoyang'ana pansi n'kuti, “Mami, ninakufunsani pamene munali kukanda fulawa. Munakamba kuti eya.”

Apo m'pamene zonse zinaululika. Teremu yonse mwanayu ankandiuza kuti kondakitala wina wa minibasi amamutsatira akaweruka kusukulu, n'kumamugwira dzanja. Nazonso ndinkayankha eya. Azakhali akewo anangouzidwa kamodzi, m'mawa mwake anali kale pa siteji kukamukalipira munthuyo. Amuna anga anangoti iwo ankayesa ndikudziwa, poti mayi ndine. Manyazi ake, abale! Masiku omwewo ndinkamvera buku la mayi amene anasiya mwana wake padziko n'kupita ku nyenyezi pa chombo, ndipo ndinalirira mwana wopekayo mu minibasi mpaka anthu kunditembenukira.

Azimayi anzanga, sindikuti musiye mabuku, inenso sindinasiye. Koma nthawi yanu musamaibe mobisa ngati ine. Inenereni poyera, mukhale pampando ndi buku lanu, wa njala adziwe kumene kuli mphika. Ndipo mwana akaima pambali panu, ikani zonse pansi mumuyang'ane kumaso.

Taonga anasintha sukulu, akuti adzabwera pa holide. Ndikamuimbira foni, asanandipatse n'komwe moni, amayamba wafunsa kuti, “Mami, mwachosa vija va m'makutu?”