Msuku wa Kuseri kwa Khitchini

A Zikhale anali mkulu wa mpingo m'mudzi umene lero simungaupeze, chifukwa pamalo pake pali nyumba za ku Eriya 11. Pamene likulu linkachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, anthu a m'mudzimo anauzidwa kuti asamuke. Ambiri anang'ung'udza, koma a Zikhale ankawatonthoza kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu, munthu alibepo chonena. Ankanena zimenezi ndi mtima wonse, ndipo anali oyamba kukweza katundu m'lole.

Pambuyo pake analembedwa ntchito yosamalira maluwa kwa bwana Reinford, kalaliki wamkulu wochokera ku Zomba. Malowo anawazindikira kuti ndi pamudzi pawo pakale chifukwa cha msuku umene omanga anausiya kuseri kwa khitchini. Tsiku lina bwanayo anawauza kuti m'mawa mwake akumbe dzenje la zinyalala pansi pa mtengowo.

Atafika kunyumba anafotokozera akazi awo, a Naphiri. Mayiwo anasiya nyemba zimene ankasankha. Kenaka anawakumbutsa za mwana wawo woyamba, uja anabadwa atamwalira kale. Mwana wotere amaikidwa ndi amayi okhaokha, osati kumanda, ndipo bambo sauzidwa malo. N'chifukwa chake pamene amuna ankalozera a boma manda oti asakhudzidwe, palibe anamutchula.

"Ali pansi pa msuku womwewo," anatero a Naphiri.

A Zikhale anayesa kudzitonthoza ndi mawu awo akale aja, koma anakanika. Khasu silidzuka lokha. Anaganiza za m'munda wa Edeni, kuti Mulungu sanautchingire mpanda mtengo uja. Anangolankhula, dzanja la munthu n'kulisiya lomasuka. Akanakhala kuti iwo sangathe kukana kukumba, bwenzi palibe tchimo. Koma kukana akanatha, ndipo ntchito yomwe inkadyetsa ana awo ikanathera pomwepo.

M'mawa anavula chipewa pamaso pa bwana n'kufotokoza zonse. Bwana Reinford, kunena zoona, sanali munthu wankhanza, koma anali pachangu. Anati pulani ya nyumbayo sikusonyeza manda, ndiponso adona akufuna dzenjelo pafupi ndi khitchini.

"Inu madala, Mkhristu wathunthu, mukuopa mizimu?"

"Mizimu ayi, bwana. Koma manjawa ndi anga. Sindikumba."

Bwanayo anayang'ana wotchi, n'kunena kuti ofuna ntchito ali mbwee pageti.

A Zikhale anatsamiza khasu kukhoma. Pageti anapezapo Daudi, mwamuna wa kwawo komweko, wa ana ambiri, amene anali atakhala nthawi yaitali osagwira ganyu. Anamukokera pambali n'kumuuza chimene chili pansi pa msuku. Daudi anazolika.

"Nanga si ndinu munkati zonse ndi chifuniro cha Mulungu, akulu?"

Asanayankhe, bwana anaitana, Daudi n'kulowa. A Zikhale anayamba ulendo wa kunyumba pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, kumvetsera ngati khasu lilire.